Kupeza Zogwirira Zokhala Bwino pa Pisitolo Yakale ya Asilikali ya M1911

Pisitolo ya M1911, imene anaikonza John Moses Browning ndipo asilikali a dziko la America anaivomereza mu Marichi 1911, inakhala m'manja mwa asilikaliwo mpaka 1985 pamene Beretta M9 inalowa m'malo mwake. Chitsulo chake chimapirira zaka zambiri ngati chikusamalidwa, koma zogwirira ziwiri za m'mbali, zimene zimamangidwa ndi masikuluwu awiriawiri, ndizo zimayamba kutha: zamatabwa zimamwa mafuta ndi thukuta mpaka kuda bii ndi kung'aluka pafupi ndi mabowo, ndipo zapulasitiki zimauma, kufota pang'ono ndi kubenthuka m'makona. Amene wasunga mfuti yotere, kaya ndi ya cholowa kaya ndi yogula kwa osonkhanitsa zakale, amadzafika poti afunefune zogwirira zina, ndipo ambiri amaganiza kuti chilichonse cholembedwa kuti 1911 chikhala bwino. Zoona zake n'zakuti chogwirira chimayenera kugwirizana ndi mfutiyo m'njira ziwiri: chiyenera kukhala pachitsulo popanda kugwedera kapena kukakamiza, ndiponso chiyenera kukhala cha nthawi ndi fakitale yoyenera mfutiyo. Malangizo awa ndi a munthu amene ali ndi mfutiyo movomerezeka, ndi chiphaso chimene malamulo a dziko limene akukhala amafuna, ndipo akugwiranso ntchito pa mfuti zimene zinaphedwa kuti zisawomberenso, monga zimene osonkhanitsa ambiri ku Britain amasunga chiletsedwere mapisitolo ambiri mu 1997.

Choyamba, musanagwire chida chilichonse

Chotsani magazini (kabokosi kokhala zipolopolo), kenaka kokerani silaidi (chitsulo cha pamwamba chimene chimayenda kumbuyo ndi kutsogolo) kumbuyo ndi kuitsekera komweko, ndipo yang'anani ndi maso komanso kupisa chala chaching'ono polowera chipolopolo kuti mutsimikize kuti mulibe kanthu. Ndondomekoyi isasinthidwe, chifukwa amene wayamba kukoka silaidi magazini adakali momwemo amatulutsa chipolopolo chimodzi n'kulowetsa china. Zipolopolo zikakhale m'chipinda china mpaka ntchito yonse itatha. Yalani nsalu yoyera patebulo, ikani kambale ka masikuluwu pambali, ndipo jambulani mfutiyo mbali zonse ziwiri isanamasulidwe.

Chachiwiri, dziwani mfuti imene muli nayo

Apa m'pamene anthu ambiri amatayira ndalama, choncho tikhalitsapo. Nambala ya mfuti ili kumanja kwa felemu, thupi la pansi la mfuti limene zogwirira zimamangidwapo, ndipo pa mfuti za boma la America pamapezekanso mawu akuti UNITED STATES PROPERTY. Nambala ya pa felemuyo ndiyo imauza chaka ndi fakitale, osati dzina lolembedwa pa silaidi, chifukwa silaidi imachoka mosavuta ndipo zambiri zinasinthanitsidwa pamene mfuti zinkakonzedwanso m'malo osungira zida. Mabuku a osonkhanitsa ali ndi mindandanda ya manambalawa, ndipo kuyerekeza nambala yanu ndi mndandanda ndi ntchito ya mphindi zochepa.

Pali mibadwo iwiri ikuluikulu. M1911 yoyambirira, ya nthawi ya nkhondo yoyamba ya dziko lonse, inapangidwa ndi Colt, Springfield Armory ndi Remington-UMC. Mu 1924 anaisintha m'malo angapo, ndipo mu 1926 anaitcha M1911A1: tiriga anaifupikitsa, kuseri kwa tiriga anasemako timakwawa toti chala chizifika bwino, ndipo msana wa chogwirira, umene kale unali wathyathyathya, anaupinda kuti utukuke. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse M1911A1 inapangidwa ndi Colt, Remington Rand, Ithaca, Union Switch & Signal ndi Singer, ndipo ya Singer, kampani ya makina osokera ija, inangokwana 500 yokha. Chosangalatsa n'chakuti mabowo a zogwirira sanasunthe pa kusintha konseku, kotero chogwirira cha 1918 chimalowa pa felemu ya 1944. Kulowa kumeneko ndiko kumanyenga anthu, chifukwa cholowa si choyenera nthawi zonse.

Palinso mfuti zofanana ndi M1911 pa maso koma zosiyana nayo pa miyeso. Dziko la Argentina linapanga mitundu iwiri: Sistema Colt Modelo 1927, imene inatsatira mapulani a Colt ndipo kawirikawiri imalandira zogwirira za M1911, ndi Ballester-Molina, imene felemu yake ndi ina ndipo zogwirira za M1911 sizikhalapo. Star Model B ya ku Spain nayonso ili ndi zake zake. Ya ku Norway, Kongsberg M/1914, ndi M1911 yeniyeni yopangidwa ndi chilolezo, koma kachitsulo kake koimitsira silaidi kanatalikitsidwa kupita m'munsi, ndipo chifukwa cha ichi chogwirira chake cha kumanzere chili ndi mpata wosemedwa pamwamba. Mukaikapo chogwirira wamba, kachitsuloko kamagunda thabwa ndipo silaidi simasuka. Munthu amene ali ku South Africa kapena ku Britain achenjere kwambiri pa mfundo iyi, popeza dziko la Britain linagula mapisitolo a Colt pa nkhondo yoyamba, ena a zipolopolo za .455 okhala ndi chilembo W patsogolo pa nambala, ndipo pa nkhondo yachiwiri linagulanso ma Ballester-Molina, kotero mitundu yonseyi imapezeka yosakanikirana m'maiko amene zida za Britain zinafikako.

Chachitatu, sankhani chimene mukufuna: mbiri kapena ntchito

Mfuti yoti ikhale m'kabati ngati chikumbutso imafuna zogwirira za nthawi yake, pamene yoti izipita kumalo ophunzirira kuwombera imafuna zolimba ndi zotsika mtengo kuti zoyambirira zipume. Anthu ambiri anzeru amasunga zonse ziwiri, ndipo ine ndimaona kuti ndiyo njira yabwino.

Za nthawi ya nkhondo yoyamba zinali za mtengo wa walnut, zosemedwa timizere topingasana, ndi malo awiri osalala ooneka ngati dayamondi kuzungulira mabowo a masikuluwu. Osonkhanitsa amawerenga mizere imene ili pakati pa madayamondi awiriwo: za Colt zimakhala ndi mizere pafupifupi 15, ndipo za Springfield Armory zimakhala ndi yocheperapo. Kuyambira 1924 madayamondi anachoka, ndipo thabwa lonse linkasemedwa timizere kuchokera pamwamba mpaka pansi. Nkhondo yachiwiri itayamba, matabwa anasiyidwa ndipo kunabwera pulasitiki wofiirira. Colt inkapanga wake wotchedwa Coltwood, pamene Remington Rand, Ithaca ndi Union Switch & Signal zinkagwiritsa ntchito kwambiri zogwirira za kampani ya Keyes Fibre, zimene zambiri zimadziwika ndi kanyenyezi kokhala ndi chilembo K mkati mwake. Zoyambirira za pulasitiki zinalibe mphete zolimbitsa kuzungulira mabowo ndipo zinkang'aluka msilikali akamanga sikuluwu mwamphamvu, n'chifukwa chake zotsatira zinabwera ndi mphete kunja ndi nthiti zolimbitsa mkati. Choncho potembenuza chogwirira chapulasitiki mumaona zambiri kuposa poyang'ana kunja kwake.

Pali chinthu chimodzi chimene oyamba kumene samachimvetsa msanga. Ngati felemu ili ndi zilembo za malo okonzera zida, monga AA za Augusta Arsenal kapena RIA za Rock Island Arsenal, ndiye kuti kawirikawiri mfutiyo inamasulidwa yonse, kupakidwanso ndi kumangidwanso ndi zipangizo zimene zinalipo tsiku limenelo. Felemu ya 1918 yokhala ndi zogwirira zapulasitiki za Keyes, pa mfuti yotere, si cholakwika ayi; ndi mmene inatulukira m'manja mwa boma. Kuichotsa zapulasitikizo n'kuikapo za madayamondi sikuibwezera ku 1918, chifukwa utoto wa chitsulo ndi zilembo zija zimaulula zoona. Mfuti zambiri zimene bungwe la Civilian Marksmanship Program linayamba kugulitsa ku America mu 2018 ndi za mtundu umenewu. Chimodzimodzinso ngati mwapeza zogwirira zoonekera mkati zokhala ndi chithunzi cha mkazi kapena cha banja kunsi kwake: asilikali ena a nkhondo yachiwiri ankazisema okha kuchokera ku pulasitiki wa mawindo a ndege zowonongeka, ndipo zimenezo, ngakhale zitakalikakalika, siziyenera kutayidwa.

Chachinayi, masulani zakale mosamala

Sikuluwu ya chogwirira cha M1911 simangidwa mu felemu mwenimweni. Imalowa mu kabushi kachitsulo kamene kali ndi materedi (timizere tomangira) mkati ndi kunja, ndipo kabushiko ndiko kamamangidwa mu felemu n'kukhomereredwa mkati kuti kasatembenuke. Mabushiwa ndi anayi, ndipo ndiwo mizati imene zogwirira zimakhalapo. Materedi ake ndi aang'onoang'ono kwambiri ndipo si a mtundu umene mungaupeze m'sitolo ya zitsulo: sikuluwu ndi ya .150-50, bushi ndi ya .236-60, kutanthauza mizere 60 pa inchi imodzi m'khoma lopyapyala la felemu. Mizere yotere ikaphwanyika, kukonza kwake kumafuna mmisiri wa mfuti ndi bushi yokulirapo, ndipo mtengo wa mfutiyo umatsika.

Gwiritsani ntchito sikuludiraiva imene mlomo wake ukudzaza mpata wa sikuluwu m'litali ndi m'lifupi momwe, ndipo ikhale ya mbali zowongoka, osati yosongoka ngati mphero imene imakwera n'kutafuna mutu wa sikuluwu. Donthezani mafuta olowerera pa sikuluwu iliyonse kuchokera mkati mwa polowera magazini, osati pamwamba pa thabwa, ndipo dikirani usiku umodzi ngati mfutiyo yakhala zaka osamasulidwa. Pomasula, kanikizani pansi mwamphamvu ndi kupotoza pang'onopang'ono.

Vuto lodziwika kwambiri limachitika motere. Mukupotoza sikuluwu, ikuyenda bwino, koma m'malo moti mutu wake utuluke pamwamba, mukuona chogwirira chonse chikutukuka kuchoka pa felemu, ndipo pakati pa thabwa ndi chitsulo pakuoneka kampata kolowa chikhadabo. Apo ndiye kuti sikuluwu yagwirana ndi bushi chifukwa cha dzimbiri, ndipo imene ikumasuka ndi bushiyo. Imani pomwepo, masulani sikuluwu inayo, kenaka pitirizani pang'onopang'ono mpaka chogwirira chichoke pamodzi ndi bushi yake. Musakane bushiyo ndi pulayala pa materedi ake akunja. Ikulungeni ndi kachikopa, inyowetseni mafuta, ndipo ikakana, ndi bwino kutaya bushi ndi sikuluwu kusiyana ndi kung'amba chogwirira cha zaka 100. Pobwezera bushi, iyambeni ndi zala zokha, ndipo ikalimba isanayende mizere iwiri, ibwezeni chifukwa yalowa mokhota.

Chogwirira chikakana kuchoka masikuluwu atatuluka, musachikanule ndi mpeni kuchokera kunja. Pisani chala kapena kamtengo m'polowera magazini ndi kuchikankha kuchokera mkati, pamwamba pang'ono, pansi pang'ono, mosinthanasinthana. Chikachoka, yang'anani chitsulo chimene chinali kunsi kwake, pakuti chinyezi chimabisala pamenepo ndipo dzimbiri limadya mwakachetechete. Lipukuteni ndi nsalu ya mafuta, ndipo musagwiritse ntchito sandipepa pa felemu. Zogwirira zakale ziikeni m'kathumba kolembedwa nambala ya mfutiyo, ngakhale zitasweka.

Chachisanu, yezani

Muyeso wofunika kwambiri ndi mtunda wa pakati pa mabushi awiri, kuchokera pakati pa ina kufika pakati pa inzake. Pa felemu ya asilikali mtundawu ndi pafupifupi mainchi 3 ndi 1/16, kapena mamilimita 78. Ogulitsa amatchula kukula kumeneku kuti Government, ndipo zogwirira za Commander ndi zofanana nazo chifukwa mfutiyo inafupikitsidwa mpope ndi silaidi, osati chogwirira. Zolembedwa kuti Officer's kapena Compact ndi zazifupi, mabowo ake atalikirana pafupifupi mamilimita 68, ndipo sizingalowe. Yezani mbali zonse ziwiri ndi kalipa, chida choyezera timiyeso tating'ono, chifukwa pa mfuti imene bushi yake inasinthidwapo kusiyana kwa theka la milimita kumapezeka, ndipo thekalo ndi lokwanira kung'amba pulasitiki wakale.

Yezaninso kutalika kwa bushi pamwamba pa felemu. Masiku ano kuli zogwirira zopyapyala zimene zimafuna mabushi ndi masikuluwu aafupi, ndipo mwini wake wakale mwina anaika zimenezo. Chogwirira chopyapyala pa bushi yaitali sichimangika ngakhale sikuluwu itafika pamapeto, popeza mutu wake ukukhala pa bushi m'malo mokhala pa thabwa.

Kenaka lembani zinthu zitatu zimene chogwirira chatsopano chiyenera kukhala nazo. Cha kumanzere chili ndi mlomo pamwamba umene umatsamira kampope kakang'ono kotchedwa plunger tube, momwe muli sipuling'i imene imagwira sefite (kachitsulo koletsa mfuti kuwomba) ndi kachitsulo koimitsira silaidi. Kampopeka kamangokhomereredwa pa felemu ndi timiyendo tiwiri, ndipo pa mfuti yakale kamatha kugwedera. Mlomo wa chogwirira ndiwo umakathandiza kusatukuka, ndipo kakatukuka sefite ikhoza kukanirira. Zogwirira zina zamakono zokongola zilibe mlomowu, ndipo pa mfuti ya asilikali zimenezo n'zosayenera. Chachiwiri ndi kampata ka pakona ya pansi kumbuyo, kamene kamasiya poyera kapini kogwira msana wa chogwirira kuti mfuti izimasulidwa osachotsa zogwirira. Chachitatu ndi m'munsi mwake, mmene pa za asilikali ndi mosendedwa mopendekera, pamene zamakono zambiri ndi zodulidwa mowongoka kuti zigwirizane ndi chitsulo chokulitsa polowera magazini. Onaninso kuseri kwa cha kumanja: ngati kuli kamsewu kosemedwa pamwamba, ndi ka sefite ya mbali ziwiri, chinthu chimene mfuti za nkhondo zija zinalibe, ndipo kamsewuko pakokha kakukuuzani kuti chogwiriracho ndi chamakono.

Chachisanu ndi chimodzi, kufunafuna ndi kugula

Zogwirira zimapezeka m'magulu atatu. Pali zoyambirira zimene zinachotsedwa pa mfuti zina, pali zotsala za boma zimene sizinagwirepo ntchito, makamaka zapulasitiki zopangidwa nkhondo yachiwiri itatha zokhala ndi nambala yaitali ya katundu wa boma mkati, ndipo pali zopanga masiku ano motsanzira zakale. Zapulasitiki za asilikali zidakali zambiri ndipo sizidula kwambiri, pamene za walnut za madayamondi zenizeni ndi zosowa, zodula, ndiponso ndizo zimene achinyengo amakonda kutsanzira.

Pemphani wogulitsa zithunzi za kuseri kwa zogwirira zonse ziwiri, ndiponso chithunzi chokhala ndi rula pamabowo. Thabwa limene lakhala pa mfuti zaka zambiri limada kuseri mosalingana, limakhala ndi chidindo cha m'mbali mwa felemu, ndipo mozungulira mabowo mumaoneka mphete zakuda zosiyidwa ndi mabushi. Kunja, nsonga za timizere zimakhala zophwatalala pamene chikhatho ndi zala zimagwira, ndipo cha mbali imene inkayang'ana kunja m'chikwama cha m'chiuno chimakhala ndi mabala ambiri kuposa chinzake. Chogwirira chimene chatha mofanana paliponse ngati chopalidwa ndi sandipepa, kuseri kuli mbee ndipo chikununkha vanishi, n'chatsopano chimene achikalambitsa dala. Palibe cholakwika ndi chotsanzira chogulitsidwa m'dzina lake lenileni ndi pa mtengo wake. Cholakwika ndi kulipira mtengo wa 1918 pa thabwa la chaka chatha. Yesetsaninso kugula ziwiri zimene zinakalambira limodzi, chifukwa mtundu wa pulasitiki wofiirira uja umasiyana kuchokera ku nkhungu ina kupita ku ina, ndipo kusiyanako kumaoneka msanga zikamangidwa.

Wogula kuchokera kunja kwa dziko afunse kaye za malamulo, chifukwa maiko ena amawerengera zogwirira ngati zipangizo za mfuti, ndipo ogulitsa ambiri a ku America satumiza zinthu zotere kunja. Zogwirira za mnyanga wa njovu zisiyeni kotheratu, ngakhale wogulitsa atalumbira kuti ndi zakale, popeza malonda a minyanga pakati pa maiko ndi oletsedwa pansi pa pangano la CITES, loteteza nyama ndi zomera zimene zili pangozi yotha, ndipo kwathu kuno kupezeka ndi mnyanga ndi mlandu waukulu. Mitengo ya banja la Dalbergia, limene phingo ali m'gulu lake, inalowanso pansi pa pangano lomwelo mu 2017, kotero zogwirira za mitengo imeneyi zikhoza kufuna zikalata podutsa malire.

Ngati kugula kwakanika, mmisiri waluso wosema matabwa akhoza kupanga zogwirira za tsiku ndi tsiku potengera zakale. Mlombwa wouma bwino ndi woyenera chifukwa sufota kwambiri, koma uyenera kukhala utauma m'nyumba kwa nthawi yaitali, ndipo mitsempha ya thabwa iyende m'litali mwa chogwirira. Mmisiriyo mum'patse chogwirira chakale ndi miyeso yolembedwa, osati mfuti. Ntchito yovuta si kusema kunja koma kuboola, chifukwa bowo lililonse lili ndi magawo awiri, lolowa bushi ndi lokulirapo lokhala mutu wa sikuluwu, ndipo phewa la pakati pa awiriwo ndilo limanyamula mphamvu yonse ya kumanga.

Chachisanu ndi chiwiri, kuyesa ndi kusema

Lamulo la gawo lino ndi limodzi: chosemedwa ndi chogwirira, osati mfuti. Ikani chogwirira pa mabushi popanda masikuluwu ndipo chikanikizeni ndi zala zokha. Choyenera chimatsika mpaka kukhala phwatalala pa felemu, mwina molimba pang'ono, ndipo sichiyenda mukachikankha m'mwamba, m'munsi kapena m'mbali. Chinyamuleni moyang'anitsa kuwala kuti muone ngati pali mpata pakati pa icho ndi chitsulo.

Chikakana kutsika, musachimenye ndipo musachikokere pansi ndi masikuluwu, pakuti umu ndi mmene zogwirira zambiri za Keyes ndi Coltwood zimafera, makamaka chifukwa pulasitiki wakale amakhala atafota ndipo mabowo ayandikirana pang'ono. Pakani mabushi ndi cholembera chakuda, kanikizani chogwirira pang'ono, ndipo chichotseni: pamene inki yatsalira m'bowo m'pamene pakugunda. Palani pamalo pokhapo ndi tupa yaing'ono yozungulira kapena sandipepa wokulunga pa kamsomali, kawiri kapena katatu, ndipo yesaninso. Ntchitoyi imatopetsa, ndipo kuyesa kakhumi si kwachilendo. Ngati mabowo onse awiri akugunda mbali yoyang'anana, gawani kupalako pakati pa awiriwo m'malo mokulitsa limodzi. Koma chogwirira choyambirira chosowa ndi chodula musachipale n'komwe. Chikapanda kulowa, chisungeni momwe chilili ndipo mufune china.

Chikakhala chogwedera, vuto ndi bowo lokula kapena bushi yotalika. Bowo lokula pa chogwirira cha tsiku ndi tsiku limakonzeka popaka guluu wa epoxy pang'ono m'khoma mwake, kumusiya aume chogwiriracho chili patali ndi mfuti, kenaka kupala mpaka chilowe molimba. Bushi ikakhala yotalika, kamphete kakang'ono ka mphira kunsi kwa mutu wa sikuluwu kamathetsa kugwederako ndiponso kamathandiza kuti sikuluwu isamamasuke yokha. Chogwirira chikamatsamira mbali imodzi ngati mpando wa mwendo waufupi, yang'anani kuseri kwake pafupi ndi tsinde la bushi kapena pa mlomo wa kampope kaja, ndipo palani pamene inki yakusonyezani. Ngati thabwa lonse lapindika, yalani sandipepa wosalala pa galasi ndi kulikhula mozungulira pang'ono, koma kumbukirani kuti chilichonse chochoka kuseri chimatalikitsa bushi.

Musanamange, pakani mafuta ochepa kapena phula pa chitsulo chimene chibisike. Thabwa latsopano lipakeni mafuta a linseed owiritsa, mopyapyala, kuseri ndi m'mbali momwe, ndipo liume masiku angapo. Mafuta a mfuti asafike pa thabwa chifukwa amalifewetsa ndi kulidetsa. Nsalu imene mwapakira linseed muiyanike panja yotambasula, chifukwa ikaunjikidwa imatha kutentha yokha mpaka kuyaka. Mangani masikuluwu awiriwo mosinthana, iyi pang'ono, inayo pang'ono, ndipo siyani pamene mutu wakhudza ndi kulimba pang'ono, mutagwira sikuludiraiva ndi zala zitatu, osati ndi chikhatho chonse. Ngati masikuluwu akale adakali abwino, bwezerani omwewo, chifukwa mitu yonyezimira kapena ya mabowo a makona asanu ndi limodzi imaoneka yachilendo pa mfuti ya nkhondo.

Chomaliza, yesani mfutiyo ilibe chipolopolo

Tsimikizaninso kuti mfuti ilibe kanthu, kenaka lowetsani magazini yopanda zipolopolo ndi kukanikiza batani loitulutsira. Iyenera kulowa ndi kugwa yokha monga inkachitira kale. Ikagwira panjira, kapena mukaona kamzere katsopano kokalika m'mbali mwake, ndiye kuti sikuluwu ina ndi yaitali ndipo yatulukira mkati. Ichotseni ndi kuifupikitsa kunsonga ndi tupa, kapena ikani kamphete ka mphira kaja. Kwezani ndi kutsitsa sefite kangapo, ndipo mumve ngati ikudumpha ndi kaphokoso kake popanda kukhula thabwa. Kokerani silaidi kumbuyo magazini yopanda kanthu ili momwemo kuti muone ngati ikuima, kenaka chotsani magazini ndi kuona ngati kachitsulo koimitsira kakutsika mosavuta. Kanikizani ndi kusiya sefite ya kumsana, imene chikhatho chimaikankha, ndipo ibwerere yokha. Chilichonse mwa izi chikakanirira, chotsani chogwirira cha mbali imeneyo ndi kuyesanso: vuto likachoka, palani chogwiriracho pamene chikukhula, koma likatsala ngakhale popanda chogwirira, mfutiyo ipite kwa mmisiri wa mfuti wovomerezeka isanawomberedwe.

Patapita masabata awiri kapena atatu, bwererani ku masikuluwu aja, chifukwa thabwa latsopano limakhazikika ndipo amamasuka pang'ono. Kumadera amene dzinja limabwera ndi chinyezi chambiri ndipo chilimwe n'chouma, thabwa limafufuma ndi kufota chaka chilichonse, choncho musamange molimba m'mwezi wa Okutobala poganiza kuti mwathetsa kugwedera, chifukwa mvula ikagwa thabwalo lidzafufuma pansi pa mitu ya masikuluwu ndi kung'aluka pabowo. Kamodzi pachaka, mvula itangotha, chotsani zogwirira zonse ziwiri, pukutani chitsulo cha kunsi kwake, pakaninso mafuta ochepa, ndipo lembani tsikulo pa kapepala ka m'kathumba kamene muli zogwirira zoyambirira.